Madontho Otsala Kunja kwa Malire

Tsiku limenelo Larbi anatuluka mu ofesi mochedwa, mabasi onse atapita kale ndi anthu othamangira kukamasula kusala. Unali mwezi wa Ramadani. Kukhosi kunali gwa, m'maso ngati mwathiridwa mchenga, msana nawo ukudandaula zake chifukwa chokhalira kompyuta kuyambira m'mawa.

Mnyamatayu anali mlendo m'tauniyo. Anachokera ku Casablanca kudzakonza lipoti la a zaumoyo, lipoti la mapu okhaokha. Kadontho kalikonse pamapupo kankaimira khomo limene linaitanapo ambulansi, ndipo ntchito yake inali kuyala malire a maboma pamwamba pake, kuti akuluakulu aone boma lililonse ndi madontho ake, agawe ma ambulansi atsopano. Kunena kokha n'kosavuta. Atayala malirewo, mizere ya maboma awiri inakana kukumana. Boma lakumtunda linalemba malire ake motsatira khwawa lakale, pomwe lakumunsi linatsatira kumene mtsinje unapatukira chigumula chitadutsa. Pakati panatsala kampata koyera kopyapyala, muli nyumba zingapo ndi mlatho. Madontho a m'menemo sankawerengedwa kwina kulikonse.

Masana anali ataitana abwana ake kuti adzaone.

"Iwe Larbi," anatero abwanawo, a Abdelhak, uku akutola makiyi a galimoto, "ine lilime lauma ngati chikopa, iwe ukundionetsa nthata? Fufuta timadontho takoto. Mapu a zigamba sindipita nawo kwa akuluakulu ine."

"Komatu ndi makomo a anthu amenewa, bwana."

"Anthu ali m'maboma, m'bale wanga. Mawa m'mawa ndikaonetsa zimene ndipeze m'makinamo, ndipo zikhale zosalala."

Larbi analimbana nayo mizereyo mpaka dzuwa kupendeka, osatheka. Mapeto ake anafufuta madontho aja. Ankadziwa bwino lomwe kuti nyumba zimenezo sizidzakhala m'dera la ambulansi iliyonse, koma anali atatopa, kutopa kofika m'mafupa. Mlendo ndi mame, anadziuza, mwezi wamawa ndidzakhala kwathu.

Panja panali zii. Amene sanayendepo m'tauni nthawi yomasula sadziwa kuti msewu ungathe kufa. Sitolo zonse zotseka, ngakhale galu osaoneka. Adhana yoitanira mapemphero inamveka kumzikiti, iye anatafuna chipatso cha tende chimene mlonda wa pa ofesi anamupatsa, n'kumapita. M'mawindo munkamveka masipuni kugunda mbale, fungo la msuzi wa harira likumusautsa m'mimba. Ankachita lendi kwa Hajja Zhor, mayi wamasiye wa kutsidya kwa khwawa, ndipo njira inali imodzi yokha: kulambalala manda, kenako mlatho.

Podutsa pamanda mdima unali utagwira. Analonjera eni malo monong'ona monga mwa mwambo, nawonjezera liwiro. Nyali za mumsewu zinathera pomwepo, pakuti zopita kumlatho palibe boma limene linkazikonza.

Atafika pakati pa mlatho anaona munthu.

Anali mzimayi, atatsamira chitsulo cha m'mbali, dzanja limodzi litagwira m'chiuno. Wachitsikana ndithu, woyembekezera, wopanda nsapato. Larbi anadabwa. Nthawi ngati ino, mayi wotere, yekhayekha?

"Mtendere ukhale nanu, chemwali. Mwamasula kale?"

Mayiyo sanayankhe moni. Anangotembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Achimwene, pano ndi pa boma liti?"

Larbi anaima.

"Mwati bwanji?"

"Pomwe ndaimapa. Ndine wa yani?" Mawu ake anali otopa, opanda mkwiyo, ngati a munthu amene wafunsa funso lomwelo kambirimbiri. "Awa akuti ndine wa uko. A uko akuti ndine wa awa. Ati ndidikire."

Kenako anabuula n'kupinda msana. Larbi anaona kuti zafika poipa. Anatulutsa foni, naimbira a ambulansi. Inaitana nthawi yaitali. Woyankhayo anali ndi chakudya m'kamwa.

"Muli mbali iti ya mlathowo, bambo?"

"Pamlatho penipeni! Mayiyu nthawi yake yakwana, fulumirani!"

"Pamlatho si boma, bambo. Kumtunda kapena kumunsi?"

"Opani Mulungu, inu! Munthu akufa pano!"

"Malo amenewo kwathu kuno saoneka. Yesani anzathu akutsidya."

Foni thi!

Larbi anatembenuka kuti amulimbitse mtima mayi uja.

Panalibe munthu.

Anayang'ana kutsogolo... zii. Kumbuyo... zii. Mlathowo unali wautali, wopanda pobisala. Anaunika ndi foni pomwe mayiyo anaima. Simenti inali yonyowa. Mvula inali isanagwe miyezi yambiri, khwawa lili fumbi lokhalokha. Tsitsi linamuima.

Ndiye pansi pa mlatho panamveka kulira. Kakhanda! Kanalira kamodzi kokha, mofooka... n'kuleka.

Ndipo pafupi ndi khutu lake, mpweya wozizira:

"Achimwene... mwatichotsanso?"

Mayo! Larbi anali liwiro la mtondo wadooka. Chikwama chinkamumenya kumsana, mpweya ukumuthera, osacheuka ngakhale kamodzi. Anakagwera pachitseko cha Hajja Zhor ngati thumba la ufa.

Hajja anatsegula atagwira chikombe.

"Bisimillahi! Mwana wanga, akukuthamangitsa ndani? Kapena ndi njala yakupengetsa? Lowa, anthu a ku Casablanca inu kusala tsiku limodzi mumakhala ngati mwawoloka chipululu."

Anamukhazika pamkeka, namuthirira harira m'mbale. Larbi anafotokoza zonse modukizaduka: mayi woyembekezera, funso lake, foni, kulira kwa khanda. Zimene anachita ku ofesi sanazitchule. Nthabwala zinamuthera Hajja pankhope. Anaika chikombe pansi.

"Anali ndi kachipsera pachibwano?"

Larbi anagwedeza mutu kuvomera.

"Mulungu amuchitire chifundo. Ameneyo ndi Rkia, mkazi wa Moha woumba mbiya, wa m'nyumba za m'munsi mwa mlathomo. Matenda anamuyamba mu Ramadani ngati muno. Mwamuna wake anamubereka kumsana mpaka pamlatho kuti galimoto isavutike kuwapeza. Anaimba uku, anaimba uko, aliyense akukankhira mnzake. Ine ndinalipo, mwana wanga, mutu wake unali pamiyendo pangapa. Mwana anabadwa, analira kamodzi. Pofika m'bandakucha tinali ndi maliro awiri."

"Liti zimenezi, Hajja?"

"Kalekale, amuna anga akadali moyo. Manda a Rkia wawadutsa pompano, udzu unamera mpaka kuuma kangapo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Chondipweteka n'chakuti mng'ono wake Rkia amakhala m'nyumba yomweyo, ndipo nayenso ndi woyembekezera, watopa kale. Timangopemphera. Tamva kuti kukubwera ma ambulansi atsopano, mwina ulendo uno atikumbukira."

Larbi anayang'ana mbale ija. Manyazi anamugwira, mantha nawo osachoka. Thupi lonse linkapempha tulo. Kiyi wa ofesi anali m'thumba mwake, a Abdelhak adzafika m'mamawa, ndipo njira yobwerera inali yomwe ija.

Anadzuka n'kuyamba kuvala nsapato.

"Iwe, ukupitanso kuti? Harira ikuzizira!"

"Ku ofesi, Hajja."

"Usiku uno? Udutsa pamlatho pomwe paja?"

Larbi anatsegula chitseko. Kunja kunali bii.

"Mundipempherere, Hajja. Ndasiya anthu panja."