Masokosi Awiri a Kamphuno

Kamphuno anali ndi mphuno yakuthwa. Ankanunkhiza chilichonse. N'chifukwa chake anamutcha Kamphuno.

Koma fungo limodzi ankadana nalo. Utsi wa Chimkonono!

Chimkonono inali lole ya bambo ake. Inkagona pafupi ndi zenera. M'mawa uliwonse inkalira, “Gudu-gudu-gudu!” Utsi wakuda bii unkalowa m'chipinda. Mng'ono wake, Kabatani, ankatsokomola. “Kho! Kho! Kho!”

Kamphuno ankamva chisoni kwambiri.

“Bambo, utsi ukudwalitsa mwana,” anatero.

“Aaa, kautsi kochepa komweka?” anayankha bambo.

Paja bambo amakhala kutsogolo. Utsi umatulukira kumbuyo. Angauone bwanji?

Kamphuno anathamangira kwa azakhali ake. Azakhali anali makaniko. Anawapeza pansi pa galimoto, miyendo yokha ili kunja.

“Azakhali, bambo sakundikhulupirira.”

Azakhali anatuluka akuseka. “Achimwene angawo ndi amakani! Amafuna kuona ndi maso. Uli ndi masokosi oyera?”

Anali nawo. A kusukulu!

M'mawa mwake azakhali anafika. Anaveka sokosi imodzi kupaipi ya utsi.

“Ana, imani patali. Achimwene, lizani injini.”

Gudu-gudu-gudu!

Bambo anazimitsa injini. Anabwera kumbuyo. Sokosi ija inali bii, ngati kunsi kwa poto.

Bambo anagwira pakamwa. “Mayo ine! Zonsezi zimalowa m'chifuwa cha mwana wanga?”

Azakhali anatsitsa chigubu chimene anabwera nacho. “Awa anali mafuta okazingira chipisi. Ndinawasefa. Ndinawakonza. Tsopano ndi dizilo wochokera ku zomera.”

“Ndikatenge a m'poto wa amayi?” anafunsa Kamphuno.

“Iyayi, iwe! Osakonza amatsamwitsa injini.”

Dizilo wakale atatha, bambo anathira watsopano. Azakhali anaveka sokosi yachiwiri.

Gudu-gudu-gudu!

Kamphuno anaika masokosi awiriwo pamodzi. Yoyamba inali yakuda bii. Yachiwiri inali yotuwa pang'ono chabe.

“Mwaye wachepa!” anakuwa Kamphuno. Kenako anayang'anitsitsa. “Koma sinayere ayi.”

“Eya, mwanawe,” anatero azakhali. “Utsi ndi utsi basi. Si wopuma.”

Bambo sanachitenso makani. Anasuntha Chimkonono. Anaiimika kugeti, kutali ndi zenera. Paipi inaloza kumsewu.

Kunacha. Chimkonono inalira kutali. Gudu-gudu-gudu!

Kamphuno anatchera khutu. Anadikira. Anadikirabe.

Kho panalibe! Kabatani anali m'tulo, phee.

Bambo analowa kudzatsanzika. Kabatani anadzuka. Bambo anamunyamula. Kabatani ananunkhiza malaya awo.

“Bambo, mukununkhira chipisi! Changa chili kuti?”

Onse anafa nacho chiseko.

Amayi anabwera ndi masokosi aja m'manja. “Sekani, sekani. Nanga awa achapa ndani?”

Kamphuno anazyolika.

“Ndichapa ine,” anatero bambo. “Ndinadetsa ndine.”

Anazimitsa Chimkonono. Anapinda manja a malaya. Anatenga sopo ndi beseni. Anachapa, anachapa, anachapa.

Sokosi yakuda ija sinayere konse. Bambo anaipachika m'lole, pafupi ndi chiwongolero.

“Izindikumbutsa zakumbuyo,” anatero.

Kamphuno anawakumbatira. Kabatani nayenso anawakumbatira. Anapuma mpweya wambiri, osatsokomola.