Dazi la Mphaka wa Atelala

Dzuwa litapendeka, Atelala anafunditsa makina awo osokera, n'kuyamba kusesa tizidutswa ta nsalu ndi ulusi pakhonde. Mwana wawo wachitsirizira, amene aliyense ankangomutcha Kabatani chifukwa cha kuchepa thupi, anali atagona kale. Mwanayu sankalimbana ndi tulo. Akangodya, mutu pansi, kunja kusanade n'komwe. Atelala analowa kuchipinda kukamufunditsa, ndipo anapeza mphaka wawo ali pamalo ake a masiku onse, pamtsamiro, atadzipinda mozungulira mutu wa mwanayo ngati chipewa.

Mphakayo dzina lake anali Foromani, poti ntchito yake inali kukhala pamulu wa nsalu n'kumayang'anira anthu akukhetsa thukuta. Anali wakuda bii, wa ubweya wofewa, ndipo makoswe m'nyumbamo anasamuka kalekale. Atelala atamusisita pakhosi, chala chawo chinagwera pamalo osalala. Anabweretsa nyali. Kunkhongo kwa mphaka kunali kadazi kozungulira bwinobwino, kukula ngati batani la jekete, khungu lake lofiira ndi lotentha.

"Utitiri basi," anatero Atelala.

Sanali munthu wodabwa ndi zinthu zazing'ono. M'mudzi monsemo, mayi amene anamaliza sekondale anali iwo okha, ndipo anthu ankazidziwa chifukwa eni ake sankalola kuti aiwale. Kutacha anagula mankhwala a ufa, namuwaza Foromani, nachapa zofunda ndi madzi otentha. Koma kadazi kachiwiri kanatuluka pafupi ndi koyamba, kenako kena paphewa. Mphaka anayamba kudzikanda mpaka magazi, chakudya n'kumangochinunkhiza.

Nyengo imeneyo mudzi unali utayamba kale kunong'ona. Mwana wa kalipentala anadzuka tsiku lina ali ndi kadazi kuseri kwa khutu. Kuchipatala anati ndi chipere, namupatsa mafuta opaka. Mwanayo sanatenthe thupi, sanatsegule m'mimba, anangosiya kudya, n'kuyamba kupepuka m'manja mwa amake mpaka bambo ake anakhoma bokosi laling'ono ndi manja awo. Posakhalitsa zinagwera mwana wa mayi ogulitsa makala, chimodzimodzi. Amayi onse awiri ananena zofanana: pa chisisira, iwo ali panja kutsuka mbale, anamva kuchipinda kaphokoso koti tche, kamodzi kokha, ndipo polowa anapeza fungo la phulusa lonyowa.

Mantha atakula, amayi anayamba kumeta ana awo mipala kuti chobweracho chisowe chogwira. Mudzi unadzaza timitu tonyezimira. Kenako mwana wina wampala anadzuka nsidze imodzi palibe, ndipo nayenso anapita. Zometa zinathera pomwepo. Anthu anayamba kulowetsa ana m'nyumba dzuwa likadalipo, koma m'nyumbamo ndi m'mene chinkawapeza. Ena anayesa kukhala pambali pa mphasa maso ali gwa, koma mayi ali ndi moto woti asonkheze ndi madzi oti atunge, ndipo chinthucho chinkadikira mphindi imene watembenuka.

Amene anayamba kuona madazi a Foromani anali mlamu wawo wa Atelala, mlongo wa amuna awo, amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo. Amuna a Atelala anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu ndipo ankatha miyezi ali pamsewu, choncho mlamuyo ankadziona ngati mlonda wa banja la mchimwene wake. Tsiku limenelo anabwera kudzayesa diresi, mkazi wa kalipentala ali pambuyo pake.

"Alamu, mphaka wanuyu watani pakhosipa?"

"Matenda a pakhungu. Imikani mkono, ndikubayani ndi phini."

"Dazi limeneli ndinaliona kale," anatero mkazi wa kalipentala motsitsa mawu. "Ndinalisambitsa ndi manja angawa."

Atelala anachotsa phini pakamwa. "Amayi, pepani ndi zimene zinakuonekerani, koma tisasakanize nkhani. Mphaka amasosoka ubweya pa zifukwa zambiri. Pali utitiri, pali mphere, pali chipere. Izi tinaphunzira, zili m'mabuku."

"Chiperecho chimachoka kwa mphaka kupita kwa mwana?" anafunsa mkazi wa kalipentala.

"Chimatha kutero. Koma Foromani amagona pamutu pa Kabatani tsiku ndi tsiku, ndipo mwana wanga alibe ngakhale kachiphuphu."

Anayankhula monyadira, koma mawuwo atangotuluka anaona nkhope ziwiri zija zikusintha.

"Ndiye tikudabwa pomwepo," anatero mlamu. "Ana a eni ake akutha. Wanu yekha akunenepa, ndipo chinthu chokhala ndi chizindikirocho chikudya m'mbale zanu."

"Alamu, mukufuna kunena chiyani?"

"Ine sindinanene kanthu. Anthu ndi amene akunena. Mutayeni mphakayu asanabwere ndi miyala."

Diresi linatsala lili ndi maphini. Madzulo ake anthu odzatenga zovala zawo sanakhale pabenchi monga kale, ankaima patali, n'kutambasula mkono.

M'mawa mwake Atelala anaika Foromani m'dengu, namanga nsalu pamwamba, nakwera minibasi kupita kwa dokotala wa ziweto kutauni. Ankafuna abwerere ndi dzina la matendawo, lalitali bwino, kuti akaliponye pamaso pa mlamu wawo. Chipinda cha dokotala chinkanunkha mankhwala ndi mkodzo wa agalu. Dokotalayo anali bambo wamtali wosathamangira kuyankhula. Anaika mphaka patebulo lachitsulo, namupesa ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono, nagogoda chipesocho papepala loyera.

"Utitiri palibe."

"Ndinathira mankhwala," anatero Atelala. "Ndimadziwa zinthu izi."

"Mwasintha chakudya? Sopo wochapira zofunda?"

"Ayi."

Dokotala anazimitsa magetsi, nayatsa kanyali ka buluu, nayendetsa pa madazi aja. "Chipere nthawi zambiri chimawala apa. Ichi sichikuwala." Anapala khungu pang'ono ndi kampeni. "Mphere ndiona pa makina. Pali amphaka ena amadzinyambita okha mpaka ubweya kutha, akakhala ndi mantha kapena kusungulumwa. Koma amenewo amayambira pamimba ndi m'miyendo. Lilime la mphaka silifika kunkhongo, mayi."

"Ndiye ndi chiyani?"

"Musiyeni agone kuno. Waonda kwambiri, akufunika madzi a m'thupi. Ndikapeza kanthu ndikuimbirani."

Atelala anavomera ndi mtima wopepuka. Mphaka akasowa pakhomo masiku angapo, milomo ya anthu ipuma. Anagula ulusi ndi mazipi, nadikira minibasi nthawi yaitali, ndipo anatsika pasiteji ya kwawo mithunzi itatalika kale. Minibasiyo inatembenuka n'kubwerera. Inali yomaliza.

Foni inalira iwo akutsegula chitseko, Kabatani ali pambali pawo akuyasamula.

"Mayi, ndine dokotala uja. Mphere palibe. Koma ndayang'ana tsinde la ubweya pagalasi lokulitsa. Kodi mwati ndinu telala?"

"Eya."

"Ndiye bisani sizasi yanu, mwana asamaseweretse. Ubweya wososoka wokha umachoka ndi muzu wake, wodwala umathyoka mosiyanasiyana. Uwu wadulidwa. Wonse msinkhu umodzi, pafupi ndi khungu penipeni. Chimene sindikumvetsa ndi khungulo, likuoneka ngati lapsa, koma osati ndi moto."

"Sizasi yanga imagona m'kabati yokiya, adokotala."

"Ndiye sindikudziwa. Amagona pati mphakayu?"

Atelala anatembenukira kwa mwana. Anali akuyang'ana mutu wa Kabatani, tsitsi lake lakuda bii, lofewa. Anaona mtsamiro m'maganizo mwawo, mutu wa mwana, ndi khosi la mphaka litaphimba pamwamba pake. Chinthu chobwera mumdima, chopanda nyali, chimafufuza ndi zala. Chikagwira chofewa chimadula n'kumapita. Sikuti nyumba yawo inkadumphidwa ayi. Chinali chikubwera madzulo aliwonse, chikudabwa kuti mwanayu sakufota bwanji, n'kubweranso. Ndipo iwo, ndi nzeru zawo zonse, anali atanyamula Foromani m'dengu n'kukamusiya kutauni.

Ananyamula mwana n'kuthamangira kwa mlamu wawo. Chitseko chinali chotseka kale.

"Alamu, tsegulani. Kabatani agone kwanu lero."

"Mphaka uja ali kuti?"

"Ndamusiya kutauni. Tsegulani, ndikufotokozerani."

"Ngati mwamutaya, mukuopa chiyani?" Mlamu ankayankhulira kuseri kwa thabwa. "Ndili ndi ana anga muno, alamu. Musandibweretsere."

"Ndi mwana wa achimwene anu uyu."

"Mawa, alamu. Kukacha tikambirana."

Nyumba zina zonse zinali zotseka, makatani otsitsa. Kabatani anali atagona kale paphewa pawo, akulemera. Atelala anabwerera, nakiya chitseko, namugoneka. Anaganiza zomumeta, nakumbukira nsidze ija. Anaganiza zomuveka chipewa, koma chala chimene chimalowa m'nyumba yokiya sichingalephere kuvula chipewa. Anaganiza zokhala maso ndi nyali mpaka kucha, ndiye mawa, ndiye mkuja? Chinthucho sichinkachoka chimanjamanja. Chinkachoka chikapeza chodula.

Anavula mpango wawo. Anamasula tsitsi, nalipesa mpaka linafewa, nalipaka mafuta omwe ankapaka mwana kuti fungo likhale limodzi. Anatenga sizasi yaikulu yodulira nsalu zolimba, naiika pansi pa mtsamiro. Kenako anazimitsa nyali, nagona chopingasa kumutu kwa bedi, khosi litapindika, mutu wawo utaphimba mutu wa Kabatani.

Kunja kunali kusanade kwenikweni. Ankamva wina akutsuka mapoto patali, wailesi ikulira kwinakwake, mwana akupuma pansi pa tsaya lawo. Kenako wailesi ija inamveka ngati yalowa m'madzi. Chitseko sichinalire, zenera silinagwedezeke. Kunangobwera fungo la phulusa lonyowa, ndipo matiresi anatsika pang'ono mbali ya kumutu, monga amachitira munthu akatsamira ndi bondo.

Zala zinafika pamtsamiro. Zinayenda pang'onopang'ono, zikugwiragwira nsalu, mpaka zinapeza khutu la Atelala, n'kukwera. Zinali zozizira, zouma, koma zodekha ngati za munthu amene wagwirapo ana ambiri. Dzanja la Atelala linali litagwira kale sizasi. Akanatha kubaya. Koma akaphonya? Chikanadziwa kuti mutu uwu ndi wa munthu wamkulu amene ali maso, n'kufufuza pansi pake. Analeka sizasi ija. Anapuma mofupikitsa, mofulumira pang'ono, mmene amapumira mwana.

Zalazo zinatola tsitsi kuseri kwa khutu, n'kulipotokola pakati pa chala chachikulu ndi chinzake, monga amachitira wogula akamayesa nsalu. Zinaima. Atelala anamva mpweya pakhosi pawo, ndi kamawu kotsika, kosakhala kachimuna kapena kachikazi, koma kamene anali atakamvapo masana kwinakwake, mwina pamjigo, mwina pakhonde lawo lomwe.

"Wakula msanga."

Tche.

Pamalo pamene chitsulo chinakhudza panazizira mpaka m'mano, kenako panayamba kutentha. Matiresi anakwera. Wailesi inabwerera. Atelala sanasunthe mpaka tambala analira.

Kabatani anadzuka ndi njala, nadya, napempha china. Atelala anaika chakudya pakamwa, chinali ngati utuchi, nachibweza m'mbale. Pagalasi anaona kadazi kofiira kuseri kwa khutu. Anamanga mpango molimba, nasiya mwana kwa aphunzitsi ake a sukulu ya mkaka, nakwera minibasi yoyamba. M'njira monse ankamvetsera mawu a aliyense wowapatsa moni.

Anapeza Foromani ali m'khola la waya, atagona chammbali, khosi ndi mapewa zili pamtunda, nthiti zikuwerengeka. Atawaona anayesa kuimirira, miyendo inakana.

"Usiku uno dazi latsopano silinatuluke," anatero dokotala. "Walawako mkaka. Akakhala kuno mwina achira, koma pang'onopang'ono. Mukamutenga lero, n'kukachitikanso zomwe zija, sindikukhulupirira kuti afika Lamulungu." Anawayang'ana. "Mayi, inuyo muli bwino?"

"Ndili bwino. Ubweyawo umera liti?"

"Miyezi iwiri, mwina itatu. Khungu likapola."

Atelala analowetsa chala pawaya, mphaka nachinyambita. Anayang'ana pakhosi pake, pamene panalibenso podula, naima pamenepo nthawi yaitali dengu lili m'manja.

"Musungeni, adokotala. Achire bwinobwino."

Anatuluka ndi dengu lopanda kanthu. Pafupi ndi siteji panali sitolo ya mafuta odzola ndi zipeso, ndipo analowa, miyendo ikulemera ngati ayenda tsiku lonse. Mtsikana wogulitsa anawamwetulira.

"Tikuthandizeni chiyani, mayi?"

"Mafuta a tsitsi," anatero Atelala, akukonza mpango kuseri kwa khutu. "Osati onunkhira ayi. Ndipatseni amene amakulitsa msanga."