Buluku Loyera la Ajira

Ajira ankakhala ku Nkopola. Ankakonda masewera a taikondo. Awa ndi masewera omenyana ndi miyendo. Mwendo wa Ajira unali wopepuka ngati wa mbuzi.

Tsiku lina aphunzitsi ake, a Simioni, anabwera ndi uthenga.

"Ku Mangochi kuli mpikisano," anatero. "Ajira apite. Koma pakufunika buluku loyera."

Apa ndiye panali vuto. Masiku amenewo lamulo linkaletsa akazi kuvala buluku pamsewu.

Bambo a Ajira, a Uladi, anali telala. Ankasoka malaya. Ankasoka madiresi. Koma buluku la mtsikana anali asanasokepo.

"Ababa, ndisokereni," anatero Ajira.

"Ndikuopa, mwanangu," anayankha a Uladi. "Apolisi angandigwire."

"M'holo ya masewera amalola, a Uladi," anatero a Simioni. "Pamsewu adzavala chitenje pamwamba."

A Uladi anakanda mutu. Anakandanso. Kenaka anaponda makina. Buluku linatuluka loyera mbee.

Tsiku la mpikisano linafika. Ajira anavala buluku. Pamwamba anamanga chitenje. Ababa anamukweza pa njinga.

M'holo munadzaza anthu. Kutsogolo kunakhala wapolisi. Ajira atamuona, anachita mantha. Sanadziopere yekha. Anaopera Ababa.

Woweruza masewera anaitana dzina la Ajira. Ajira analowa m'bwalo, chitenje chili m'chiuno. Womenyana naye anali Matilda, mtsikana wamtali wa kuboma.

Ajira anaponya mwendo. Chitenje chinakana. Anaponyanso. Chitenje chinakananso. Matilda anapeza mapointi. Anthu anayamba kuseka. Zinali zomvetsa chisoni.

Nthawi yopuma inakwana. Ajira anakhala pansi. Misozi inalengeza m'maso.

A Uladi anaimirira. Anayamba kuyenda. Anadutsa pamaso pa wapolisi uja. Anafika pamene panali Ajira.

"Ndipatse chitenjecho," anatero.

"Nanga akakugwirani, Ababa?"

"Muno amalola. Bulukulo ndasoka ndine. Anthu alione."

Ajira anamasula chitenje. Anayang'ana wapolisi. Wapolisiyo ankangotafuna mtedza.

Masewera anayambanso. Ajira anaponya mwendo. Mwendo unakwera. Anaponyanso. Unakwera kuposa pamenepo. Matilda anatchinga, koma anachedwa. Anatchinganso, koma anachedwanso.

Woweruza anakweza mkono wa Ajira. Ajira anapambana. Matilda anamugwira chanza.

"Buluku lako ndi lokongola," anatero Matilda. "Anasoka ndani?"

"Ndine," anayankha a Uladi. Anayankha mokweza, holo yonse inamva.

Pobwerera, Ajira anamanganso chitenje. Anakwera pa njinga. Anawagwira Ababa m'chiuno.

"Ababa, mukuopabe?"

"Pang'ono," anatero a Uladi. Anaseka. "Koma miyendo yakoyi ikutalika. Mawa ndiyamba kusoka lina."