Ngongole ya Makina Ometera

Wometa wina anali ndi kashopu ka mpando umodzi ndi galasi long'aluka pakona. Madzulo aliwonse mkazi wake ankagawa tindalama ta tsikulo m'zitini zitatu: cha lendi, cha chakudya ndi cha ngongole. Cha ngongolecho chinkadzaza mwaulesi, koma chinkadzaza ndithu. Ngongolezo zinali ziwiri. Ina inali ya wakatapila, amene ankabwera kudzakuwa pakhomo makasitomala akumva. Inayo inali ya mlongo wake wamkulu, amene anagulitsa makina ake osokera kuti amugulire makina ometera, ndipo sanaitchulepo n'kamodzi komwe.

Chimene chinkamudya mtima wometayo chinali shopu ya tsidya la msewu, ya magalasi khoma lonse.

"Zitini zakozi zidzatilemeretsa tili m'manda," anatero tsiku lina.

"Bola tikugona tulo, bambo," anayankha mkaziyo.

Iye tulo sankatifuna. Anapita kwa sing'anga wa kuseri kwa galaja, m'chipinda cha zenera lotseka ndi thumba.

"Uli ndi ngongole?" anafunsa sing'angayo.

"Ndili nayo, bambo."

"Ndiye malipiro wabwera nawo kale. Chithumwa ichi ukasokere pansi pa mpando wometera. Ndalama zibwera, koma zisagone m'nyumba, uzizidya tsiku lomwelo. Ngongole usabweze ngakhale khobidi. Amene unawakongola ndiwo azikulipirira."

"Azilipira ndi chiyani?"

"Ndi thupi. Ukangobweza, zonse zigwera mutu wako."

Wometayo anakumbuka mimba ya wakatapila uja n'kuseka. Za mlongo wake sizinamubwerere m'mutu n'komwe, chifukwa kwa iye ya pachibale sinali ngongole.

Ndalama zinabweradi. Anthu ankaima pamzere mpaka pamsewu, a dazi omwe. Pofika madzulo matumba ankakhala atatupa, ndipo iye ankathamanga kukazimwaza: nsapato, masuti, mowa wa bala yonse. Mkazi wake ankangoyang'ana zitini zake zili gwaa. Wakatapila anayamba kuwonda, mawu anamuthera, kenako anasiya kubwera. Wometayo anati zake zimenezo.

Kenako miyendo ya mlongo wake inayamba kutupa.

Tsiku lina masana mayiyo anafika pashopu akugwirira khoma, n'kukhala pabenchi pakati pa makasitomala. Anadikira mpaka mchimwene wake atamaliza mutu umene ankameta.

"Achimwene, sindinafune kukuvutitsani. Kuchipatala akuti ndigule mankhwala. Ngati pali kangachepe pa za makina zija."

Apa m'pamene wometayo anamvetsa amene ankalipira masuti ake. Dzanja linapita lokha m'thumba, linagwira mpukutu wa ndalama, n'kuima pomwepo. Anaopa kufa.

"Zinthu zavuta, achemwali," anatero, maso ali pansi.

Aliyense mushopumo ankaona thumbalo. Mlongoyo analiyang'ananso, kenako anayang'ana nsapato zake zonyezimira.

"Palibe kanthu, mchimwene wanga. Ndimangoyesa."

Anatuluka pang'onopang'ono, ndipo kasitomala wina ndi amene anamuperekeza. Madzulo a tsikulo wometayo anagulira anthu mowa akulira, iwo n'kumati waledzera. Mkazi wake atamva kuti wamana mlongo wake ndalama za mankhwala, anamanga katundu.

"Umphawi sunandichititsepo manyazi, bambo. Izi zandichititsa," anatero potuluka.

Mlongoyo anamwalira mwezi womwewo. Pamaliro abale anamupatsa malo, koma palibe anamupatsa dzanja. Bokosi likutsika, manyazi anaposa mantha. Anakhuthulira ndalama zonse za m'thumba m'dzenjemo akukuwa kuti, "Ndabweza! Ndabweza!" Anabwezadi, ndipo zonse zinagwera mutu wake monga anauzidwa.

Lero amayendayenda pamsika wopanda nsapato, akutola zitsekerero za mabotolo. Akaona mayi wachikulire amagwada, n'kumutambasulira manja onse awiri: "Landirani, achemwali, mukagule mankhwala."

Dyera limalonjeza chuma chopanda thukuta, koma wina amalipira ndithu, ndipo kawirikawiri amakhala amene anakukonda osakukumbutsa. Sungani pang'onopang'ono, ndipo bwezani ngongole mwini wake akadali moyo.