Pakamwa Pobwereka

Ngoneh Jagne anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene analonjeza bambo ake kuti sadzakuwanso pagulu. Tsikulo anali ataima pachipata n'kumakuwira wogulitsa makala kuti ndi kamberembere, mpaka msewu wonse unasuzumira m'mipanda. Bambo ake, a Momodou Jagne, kalaliki wa pakampani yogula mtedza, anamukokera m'nyumba n'kumukhazika pamphasa.

"Ife a Jagne sitikweza mawu," anatero. "Ukakhala ndi choti unene pagulu umanong'oneza gewel, iye ndiye amakuwa. Ndi ntchito ya mtundu wawo, monganso kuimba mbiri ya banja lathu. Lonjeza."

Ngoneh analonjeza misozi ili mbwembwembwe, ndipo anakula nalo lonjezolo. Kusukulu aphunzitsi ankachita kuwerama kuti amve yankho lake.

Ali pafupi kumaliza sukulu kunabwera chaka cha misonkhano. Bathurst, likulu la dzikolo, masiku amenewo sanali uyu wa lero, amene anasintha dzina n'kuiwala ndi moni womwe. Anthu ankatsutsana paliponse, pa pantoni, kometera, ngakhale pamaliro, koma akatha ankadyera mbale imodzi. Funso linali limodzi: dziko lidzilamulire tsopano, kapena liyambe ladikira? Dera la Half Die linaitanitsa msonkhano wake pansi pa mtengo waukulu wa mango, uja anadzaudula pambuyo pake kuti pakhale pogulitsira matayala akutha. Anagwirizana kuti akatha kukambirana akweza manja, ndipo yankho la ambiri ndilo lipite kwa Bwanamkubwa.

Amayi a mumsika ankafuna ufulu tsopano. Mtsogoleri wawo, Mayi Sukai Ceesay ogulitsa nsomba zowamba, anabwera kwa Ngoneh atanyamula nsalu yobiriwira, yofanana ndi imene gulu lonse linasoketsa.

"Iwe ndiwe umatiwerengera nyuzipepala. Ukatiyankhulire."

"Koma amayi, ine sindikuwa."

"Nanga a Mboob amadyeranji mpunga wa kwanu? Iwe ukanong'one, iwo akaphulike."

A Ablie Mboob anali gewel wa banja la a Jagne, munthu wamimba yake ndi mawu ogwetsa mango osapsa. Ndiwo anaimba tsiku limene Ngoneh anapatsidwa dzina, ndipo sankalola kuti aiwale.

Tsiku la msonkhano amayi anatseka mabenchi awo masana dzuwa likuswa mtengo, nabwera akuvina pambuyo pa ng'oma, onse biriwiri. Amuna anakhala kutsogolo. Pakati pawo panali a Momodou, amene ofesi yonse inkadziwa kuti ndi a mbali yodikira.

Oyamba kuyankhula anali aphunzitsi a Coker, atavala jekete yakuda m'kutentha konse kuja. Iwo sankasowa gewel.

"Abale anga, tiyeni tinene zoona. Dziko lathuli ndi mtsinje ndi magombe awiri basi. Munthu wamtali akagona chopingasa, mutu uli ku Senegal, mapazi ali ku Senegal!"

Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndi amayi omwe.

"Ndiye tikadzilamulira tidzadya chiyani? Mbendera?"

"Vulani jekete, aphunzitsi!" anakuwa Mayi Sukai. "Mungasungunuke ufulu usanafike!"

A Coker anaseka nawo, anapukuta thukuta, n'kukhala pansi akuwomberedwa m'manja.

Wapampando anaitana woyankhulira amayi. Ngoneh anaimirira, a Mboob ali pambali pake atatchera khutu. Ananong'ona:

"Amayi akuti dziko ndi laling'ono, inde, koma ndi lathu, ndipo tikulifuna tsopano."

A Mboob anaponya diso kwa a Momodou, anakoka mpweya, n'kubangula:

"Tamverani! Mwana wa a Jagne, mdzukulu wa okwera akavalo oyera, akuti dziko ndi laling'ono, inde! Ndipo akuthokoza aphunzitsi chifukwa cha nzeru zawo!"

Amuna anagwedeza mitu mokhutira. A Coker anadzuka pang'ono n'kuwerama. Ngoneh anakoka mkanjo wa a Mboob.

"Amalume, sindinatero!"

"Mwana wanga, mawu ako ndi aawisi," ananong'oneza a Mboob. "Ine ntchito yanga n'kuphika. Ndinaphikira agogo ako, ndaphikira bambo ako, palibe anadwalapo m'mimba. Ukufuna bambo akowa akalowe bwanji mu ofesi mawa?"

"Nenani zimene ndanena basi."

"Ndiye nenatu."

Ngoneh ananong'onanso: "Mtedza timalima ndife, koma mtengo wake amaika ndi anthu a kutsidya kwa nyanja amene sanagwirepo khasu."

"Akuti mtedza timalima ndife!" anabangula a Mboob, manja ali m'mwamba. "Ndipo chaka chino wabereka! Mulungu atamandike!"

"Amiin!" linayankha bwalo lonse, poti nanga munthu angakane bwanji.

Kumbuyo ng'oma zinali zii. Amayi ankayang'anana. Mayi Sukai anaika manja m'chiuno.

"Iwe Ngoneh! Tinakutuma za ulimi ife?"

Anyamata ena anaseka. Wapampando anayang'ana dzuwa, nakonza chisoti chake.

"Chabwino. Zikuoneka kuti amayi alibe chotsutsa. Tiyeni tikweze manja, nthawi yopemphera swala yayandikira."

Ngoneh anayang'ana bambo ake. Iwo anali atamva kunong'ona konse, popeza anali pafupi, koma maso awo anali pa kola, mtedza wowawa wotafuna uja, amene ankamutembenuza m'manja ngati akumuona koyamba. Ngoneh anayang'ana amayi aja. Nsomba zawo zinali zitafunditsidwa masaka mumsika, makasitomala akubwerera, ndipo onse anali atavala nsalu imodzi ndi iye. Wina anali atayamba kale kumanga mwana kumsana kuti azipita.

Ngoneh anavula nsapato zake n'kuziika pambali bwinobwino. Kenako anakwera pabenchi.

"Tsika, mwana iwe!" anatero a Mboob, mawu awo atachepa koyamba m'moyo wawo. "Anthu akukuona!"

"Andione, amalume. Inu kapumeni, mwaphika zokwanira."

Anakoka mpweya monga anaonera a Mboob akuchitira, mpaka nthiti zinamupweteka.

"Dikirani, a wapampando! Amayi sananene zimenezo! Amayi akuti dzikoli ndi laling'ono koma ndi lathu! Aphunzitsi akagona, apinde miyendo, akwanamo! Tikulifuna tsopano, osati mawa!"

Mbalame zinabalalika mumtengo wa mango. Kumbuyo nthungululu zinaphulika, ng'oma zinadzuka, manja obiriwira anali m'mwamba wapampando asanafunse n'komwe, ndipo a Coker ankaseka mpaka anavula jekete. Bambo ake ali pampando wakutsogolo, Ngoneh Jagne anakuwa pagulu, ndipo anamumva ngakhale onyamula matumba kudoko.