Fumbi la Mtovu pa Ovololo

Nyumba yawo inali yamtendere. Bambo ankakonza mawailesi pakhonde, mayi ankasoka, ndipo madzulo banja lonse linkapemphera pamodzi. Mwana womaliza, amene ankangomutchula kuti Mzime, atapeza ntchito kumalo ophwanya mabatire akale a galimoto, bambo anamukhazika pansi.

"Mwanawe, m'mabatiremo muli mtovu. Sununkha, suwawa pakhungu. Umalowa ndi mpweya, umalowanso ukadya osasamba m'manja, ndipo umaunjikana m'thupi pang'onopang'ono. Uzivala chotseka mphuno. Zovala zantchito uzizisiya komweko."

"Ndamva, bambo."

Poyamba anamveradi. Tinene zoona: m'shedi yomwe ankagwiriramo ntchito munkatentha ngati m'ng'anjo, chotseka mphuno chinkamubanikitsa, ndipo mwini malo anaika mpopi umodzi wokha kuseri, pomwe anthu ankaima mzere wautali poweruka. Bwanayo mlandu ali nawo. Komabe ena ankapirira mzerewo n'kusamba.

Mzime anazolowerana ndi wosungunula mtovu wina, amene anzake ankamuti Adokotala chifukwa chodziyesa wodziwa zonse.

"Iwe mphwanga, wavala chimphuno ngati nkhumba bwanji? Vula! Ukaweruka ungomwa mkaka, poizoni yense amatsukika. Taona ine, ndafa?"

Mzime anaseka, n'kuvula. Posakhalitsa anasiyanso kuima pamzere. Ankadya ndi manja otuwa, kumwa mkaka wake, n'kubwerera kunyumba ali mu ovololo yomweyo.

"Chovala ichi chikulowa bwanji m'nyumba mwanga?" mayi anakalipa. "Bambo ako anati chiyani?"

"Amayi, ndatopa ine. Ndi fumbi chabe, si njoka."

Ovololoyo ankangoiponya pampando wa pabalaza. Pansi pomwepo pankasewera mwana wa mlongo wake, kamtsikana kongoyamba kuyenda, kamene kankakumbatira miyendo ya amalume ake akangolowa, kenako zala m'kamwa.

Mzime anayamba kumva mutu, m'mimba mukupotokola, manja akufooka. Iye anangoonjezera mkaka. Kamwanako kanasiya kudya, kulira kosatonthozeka, kenako kumangogona. Tsiku lina m'mawa kanakomoka, thupi lonse likugwedezeka.

Kuchipatala anakayeza magazi. Namwino anabwera nkhope ili gwa.

"Ndani kwanu amagwira ntchito ya mabatire?"

Onse anatembenukira kwa Mzime.

"Koma ine ndimamwa mkaka tsiku lililonse," anatero Mzime.

"Mkaka ndi chakudya, achimwene, suchotsa mtovu. Nanga mwanayu mumamumwera ndinu? Fumbi limene lakufooketsani inu munthu wamkulu, pa kathupi aka ndi lochuluka zedi. Mankhwala timupatsa, mtovu utsika m'magazi. Koma zimene waononga mu ubongo, sindingalonjeze kuti zibwerera."

Mlongo wake wa Mzime, mayi wa mwanayo, sanatukwane. Anangomuyang'ana n'kufunsa chapansipansi, "Mzime, mzere wa pampopi unali wautali chotani?"



Mwanayo anapulumuka. Koma pano anzake akuwerenga kusukulu, iye chimene waphunzira m'mawa chimakhala chitathawa pofika masana, ndipo mayi ake amayambiranso naye, osatopa.

Achinyamata, imvani. Bwana wosateteza antchito ake adzayankha mlandu wake. Koma chiphe sichidikira kuti mlandu uweruzidwe. Tsekani mphuno, sambani, siyani zovala kuntchito. Ulesi mumauchita nokha, koma amene umamupweteka kwambiri ndi wamng'ono uja wokuthamangirani pakhomo.