Mwandida Sanakule

Makina otchedwa Mpenderi anayamba kung'ung'udza, ndipo singano yake, yopyapyala kuposa tsitsi, inalowa m'mkono mwa Mwandida. Chinali chaka cha 2088, m'chipatala china ku Dedza. Mtsikanayo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma mutu unali mbuu ndi imvi, khungu litachita makwinya.

"Adokotala, mukumuthira chiyani mwana wanga?" anafunsa amayi ake, a Nachisale, ogulitsa kachewere pamsika.

Dokotala Kaphwiti anawakhazika pansi. "Mayi, thupi limamangidwa ndi timaselo tosaoneka ndi maso. M'timaselomo muli ulusi wosunga malangizo a moyo, ndipo nsonga zake zimaperepeseka munthu akamakalamba. Za Mwandida zikutha msanga. Tikumupatsa kaulusi kena kotchedwa RNA. Kale asayansi ankati n'kachabechabe, koma ndi kapitawo weniweni. Kamalamula nsongazo kuti zisathe."

"Achira?"

"Achira, mayi."

Anachiradi. Pofika nyengo yokolola imvi zinali zitatha, ndipo ankasewera fulaye mpaka kuiwala kudya.

Panapita zaka zinayi, koma diresi yake sinamuthine. Anzake anatha msinkhu, iye ali chomwecho. A Nachisale anabwerera naye kuchipatala.

Dokotala anayankhula maso ali pansi. "Kapitawo uja sanangolondera nsonga. Watsekanso malangizo okulitsa thupi. Ife sitinadziwe. Tikamuchotsa matenda abwerera, ndipo mwanayu satha chaka."

A Nachisale anagwira pakamwa. Amene anayankha ndi Mwandida.

"Musamuchotse. Amayi analira kokwanira."

Anaphunzira mpaka kuyunivesite atakhala pampando woikapo mtsamiro. Anaimba pa maukwati a anzake, n'kulera ana awo, anawo n'kumupitirira msinkhu. Palibe anamumva akudandaula.

Mwandida ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu, amayi ake anafa ziwalo mbali imodzi. Mwandida anawakankha panjinga ya odwala mpaka pachipata cha chipatala, pomwe loboti yolondera inamutchingira njira.

"Ana saloledwa kulowa popanda munthu wamkulu," inatero.

"Wamkulu ndine," anatero Mwandida.

Lobotiyo inamuunika nkhope n'kubwereza mawu omwewo. A Nachisale anatambasula dzanja limene linkagwirabe ntchito, n'kugwira kadzanja ka mwana wawo, misozi ili chuchuchu.

"Ndinapempha kuti usafe, mwanawe. Sindinafunse kuti udzakhala bwanji."

Asayansi anatha kuimitsa zaka m'thupi, koma mumtima zinkawerengedwabe, chimodzichimodzi.